Kulowa nyumba ya lendi: zoyenera kuchita kuti musadzakangane ndi alandilodi

Mikangano yambiri ya pa lendi imabuka tsiku losamuka, koma gwero lake limakhala tsiku lolowa. Munthu wapeza nyumba ku Area 25 kapena ku Chilomoni, walipira miyezi itatu, wakweza katundu pa lole, osafunsa kanthu chifukwa choopa kuti nyumba ingamupite. Patha zaka ziwiri, alandilodi akuti galasi la windo munaswa ndinu, dipoziti palibe. Nazi zoti muchite, kuyambira musanapereke ndalama.

Choyamba, dziwani mwini nyumba weniweni

Ejenti akakuonetsani nyumba, mulipireni ya ntchito yake yokha. Ndalama ya lendi iperekedwe kwa mwini wake kapena munthu amene mwini wakeyo wakutsimikizirani yekha kuti ndiye amatolera. Funsani anthu oyandikana nawo kuti nyumbayo ndi ya ndani. Ngati ndi ya Malawi Housing Corporation, dziwani kuti amene akukubwereketsaniyo mwina nayenso ndi tenanti, ndipo bungwelo likafuna nyumba yake inu simudziwika.

Chachiwiri, yenderani nyumba ndi foni m'manja

Musapite madzulo. Pitani masana, tsegulani mipope yonse, yatsani magetsi chipinda chilichonse, gwedezani zitseko ndi maloko. Yang'anani kumwamba: siling'i ikakhala ndi mawanga ofiirira, denga limadontha, ngakhale akuuzeni kuti anakonza chaka chatha. Kufuna nyumba mu Ogasiti kumanyenga, chifukwa malo onse amaoneka ouma. Funsani aneba kuti mvula ya mu Januwale ikagwa madzi amadutsa pati.

Jambulani chilichonse chowonongeka, khoma long'aluka, thayilo losweka, chitseko cha bafa chopanda loko, n'kutumiza zithunzizo kwa alandilodi pa WhatsApp tsiku lomwelo. Deti imene yalembeka pa uthengawo ndiyo idzakuyankhulireni m'tsogolo.

Chachitatu, mita ya madzi ndi ya magetsi

Apa ndi pamene ine ndinaphunzira mowawa. Ndinalowa nyumba ina ku Biwi, sabata yachitatu ndikubwera kuntchito ndinapeza pampope pouma, mayi a pakhomo loyandikana nafe akundiuza kuti, "Abwera odula madzi, achimwene, akuti pali ngongole." Amene anatuluka m'nyumbamo anasiya bilu ya miyezi ingapo. Alandilodi anangoti, "Lipirani kaye, tidzaona." Kuonako sikunachitike, chifukwa ndinalibe pepala losonyeza pamene mita inali tsiku limene ndinalowa.

Choncho pemphani bilu yomaliza ya ku Water Board, lembani nambala za pa mita, mujambule. Magetsi a ESCOM m'nyumba zambiri masiku ano ndi ogula mayunitsi, ndiye vuto la ngongole ndi lochepa, koma pa nyumba za mdadada pamene mabanja anayi kapena asanu ali pa mita imodzi, funsani kagawidwe kake. Kodi amagawa pa khomo kapena pa mutu? Wophikira magetsi amasonkha chimodzimodzi ndi wa mbaula? Nkhani imeneyi yadanitsa anthu ambiri kuposa lendi yeniyeniyo.

Chachinayi, lembani mgwirizano

Sizifuna loya. Pepala limodzi likwanira, bola likhale ndi izi: mayina anu nonse, lendi ya pa mwezi ndi tsiku lolipira, ndalama ya dipoziti ndi nthawi yodzabwezera, notisi ya masiku angati wina akafuna kuthetsa mgwirizano, notisi ya nthawi yaitali bwanji lendi isanakwere, ndi amene akonze chinthu chikawonongeka. Sainani nonse pamaso pa mboni, aliyense asunge lake. Mgwirizano wa pakamwa nawonso ndi mgwirizano, koma kubwalo la milandu amafunsa umboni, ndipo "tinagwirizana" wanu amalemera chimodzimodzi ndi "sitinagwirizane" wa mnzanuyo.

Alandilodi ena amakhumudwa mukatchula zolemba, amati simukuwakhulupirira. Auzeni mwaulemu kuti, "Bambo, pepalali likuteteza inunso ine ndikadzavuta." Amene akanitsitsabe, ine ndimati nyumbayo isiyeni.

Chachisanu, lipirani mosiya mapazi

Mwalipira pamanja, tengani risiti, kapena mukhale ndi kabuku kamene amasainamo mwezi uliwonse. Mwatumiza pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki, musafufute uthengawo. Mwezi ukavuta, imbani foni tsiku lisanafike, mutchule tsiku limene mulipire. Kuzimitsa foni ndi kulowera khomo la kuseri kumakwiyitsa kuposa ngongoleyo.

Udindo wanu ndi ufulu wanu muli m'nyumbamo

Mwachizolowezi, zikuluzikulu monga denga, makoma ndi mapaipi okalamba ndi za mwini nyumba. Babu, loko amene mwataya kiyi wake, galasi limene mwana waswa ndi mpira, ndi zanu. Musaboole khoma, kumanga khola la nkhuku kapena kulowetsamo tenanti wina popanda chilolezo. Mukafuna kukonza chinthu chachikulu kuti mudzachotse pa lendi, agwirizane nazo polemba musanagule simenti. Pa mdadada, tsiku lanu lokolopa kuchimbudzi likafika, kolopani.

Koma nyumba mukailipira, ndi khomo lanu. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza munthu kuti nyumba yake isasechedwe ndi katundu wake asalandidwe mwachisawawa. Alandilodi akafuna kudzaona mmene nyumba ilili, ayenera kukudziwitsani, osati kutsegula ndi kiyi wapadera inu muli kuntchito. Ngakhale muli ndi ngongole, kuchotsa chitseko, kusasula malata kapena kuponya katundu wanu panja usiku si njira ya lamulo. Kutulutsa munthu amene akukana kutuluka kumadzera kubwalo la milandu, ndipo amene amakwaniritsa chigamulo ndi a sherifu, osati anyamata olembedwa ganyu. Izi sizikufafaniza ngongole yanu: khoti likhoza kukulamulani kulipira yonse ndi kutuluka.

Zikavuta, yambirani pafupi

Kambiranani awiri kaye. Zikakanika, itanani mboni ija, kapena pitani kwa amfumu kapena wapampando wa m'dera lanu. Pakakhala kuopsezana kapena kuwononga katundu, pitani kupolisi. Nkhani ya ndalama, monga dipoziti imene akukana kubweza, imapita kukhoti la majisitireti, ndipo amene sangathe kulipira loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau. Nyamulani mgwirizano, marisiti ndi zithunzi zija.

Potuluka

Perekani notisi yolemba motsatira mgwirizano wanu. Ngati simunalembe kanthu ndipo mumalipira mwezi ndi mwezi, perekani mwezi wathunthu, ndipo inunso muyembekezere chimodzimodzi kuchokera kwa alandilodi. Musaganize nokha kuti "mwezi womaliza ndikhalira dipoziti" musanamvane nawo. Tsekani mabowo a misomali, sesani, ndipo ngati munagwirizana zopenta, pentani. Lipirani bilu ya madzi mpaka tsiku lotuluka.

Lole isananyamuke, yendani nawo alandilodi chipinda ndi chipinda, foni ili ndi zithunzi za tsiku lolowa m'manja. Chimene avomereza kuti munachipeza chowonongeka kale, chichotsedwe pa mndandanda wa zoti mulipire. Chotsalacho muwerengere limodzi mtengo wake, mulembe ndalama imene akubwezereni ndi tsiku lake, asaine, kenako muwapatse makiyi.