Mmene mungawerengere mtengo weniweni wosamukira kumalo okhalako okalamba

Ku Mzuzu kuno munthu akapuma pantchito nthawi zambiri amabwerera kumudzi ku Rumphi, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay, apo ayi amakakhala m'nyumba imene anamanga ku Luwinga kapena ku Mchengautuwa. Koma mabanja amene ali ndi abale okhazikika ku Johannesburg kapena ku Cape Town amamva za midzi yomangidwira anthu opuma pantchito okhaokha, ndipo ena amapemphedwa kusonkha ndalama kuti malume kapena azakhali akalowe kumalo otere. Pokambirana nkhaniyi anthu amafunsa za ndalama yolowera basi, pamene ndalama yopweteka kwambiri ndi imene imatuluka mwezi ndi mwezi mpaka munthu atatsikira kulichete.

Yambani ndi kudziwa chimene mukugula. Ku South Africa malo ambiri amagulitsa chimene amachitcha life right, motsatira lamulo la nambala 65 la chaka cha 1988, limene limawerengera munthu wa zaka 50 kupita m'tsogolo ngati wopuma pantchito. Wolowayo amalipira ndalama yaikulu kamodzi n'kupatsidwa ufulu wokhala m'nyumbamo moyo wake wonse, koma nyumbayo si yake, alibe chikalata cha umwini, ndipo ana sangailandire ngati chuma cha masiye. Akamwalira kapena akatuluka, chobwerera kubanja ndi chimene chinalembedwa mu mgwirizano, nthawi zambiri ndalama yolowera ija atachotsapo gawo lina ndi zokonzera nyumba, ndiponso kawirikawiri imabwezedwa pokhapokha atapezeka wina wolowamo. Ndime imeneyi ya mgwirizanowo muiwerenge pamodzi ndi loya musanasaine, chifukwa ndi imene imayambanitsa abale pambuyo pa maliro.

Kenako funsani ndalama ya pamwezi, imene kumeneko amaitcha levy, ndipo pemphani kuti akulembereni zonse zimene zili m'kati mwake. Alonda, kusesa pabwalo ndi kukonza denga zimakhalamo, koma chakudya, magetsi, kuchapa ndi mankhwala nthawi zambiri zimalipiridwa padera. Chisamaliro cha munthu amene sangathenso kusamba kapena kudya yekha ndicho chodula koposa, ndipo muyenera kufunsa mtengo wake lero lino agogo akadali ndi mphamvu zoyenda okha, chifukwa sitiroko siyamba yachenjeza. Pemphaninso kuona mmene levy yakhala ikukwerera m'zaka zisanu zapitazi. Malo amene akuzengereza kukuonetsani zimenezi muwakayikire.

Kukwera kumeneku kumaoneka kochepa papepala. Tiyerekeze kuti zolipira za pamwezi ndi K300,000 ndipo zikukwera ndi 20 peresenti chaka chilichonse: pakutha pa zaka 4 zidzakhala zitapitirira K620,000, pamene penshoni ya munthu mwina idzakhala itangosuntha pang'ono. Amene mukutumiza ndalama kunja kuchokera ku Malawi muli ndi mtolo wachiwiri, chifukwa kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo bilu ya marandi imene inali yotheka inasanduka yolemera usiku umodzi wokha. Choncho werengerani zaka 10 kapena 15, osati chaka chimodzi, ndipo muike penshoniyo pambali pake kuti muone chaka chimene iyambe kuperewera.

Kawerengedwe komweka kamathandiza banja limene likufuna kutenga mayi kumudzi n'kuwapezera nyumba m'tauni muno pafupi ndi chipatala cha Mzuzu Central kapena cha St John's, ndipo kunena zoona iyi ndiyo njira imene ambiri a ife tidzatsate. Ndalama yolowera apa ndi lendi ya miyezi ingapo imene eni nyumba amafuna pasadakhale, galimoto yonyamula katundu, ndi zokonza pakhomo. Nyumba zambiri za ku Masasa zili pamtsetse, ndipo mvula ikagwa dothi lofiira lija limaterera moti munthu woyenda ndi ndodo sangafike kuchimbudzi chapanja. Masitepe, chogwirira m'bafa ndi chimbudzi chokhalira ziyenera kulowa m'bajeti kuyambira tsiku loyamba. Za pamwezi ndi lendi, madzi a Northern Region Water Board, mayunitsi a ESCOM, makala owonjezera m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, malipiro ndi chakudya cha wowasamalira, takisi yopitira kuchipatala pa masiku okapimidwa, matewera a akuluakulu ngati afunika, komanso mankhwala a BP ndi shuga pamene kuchipatala atha ndipo mwauzidwa kukagula kufamase. Anthu amaiwalanso zimene mayi akusiya kumudzi: chimanga cha m'nkhokwe, chinangwa, ndiwo za kudimba ndi nkhuni, zonse zimene m'tauni zidzafuna ndalama.

Mukamaliza kuwonkhetsa, khalani pansi monga banja mkulu wosamukayo alipo, ndipo mulembe dzina la aliyense ndi ndalama imene walonjeza, pamodzi ndi chimene chidzachitike wina ntchito ikamuthera. Ndikulangizani kuti musagulitse munda kapena nyumba ya kumudzi kuti mupeze ndalama yolowera chaka choyamba chisanathe, popeza okalamba ena amalephera kuzolowera ndipo amapempha kubwerera. Pamzere womaliza wa pepalalo lembani ndalama ya maliro, makamaka yonyamulira thupi kupita kumudzi, ndipo ngati wachibaleyo ali ku South Africa funsani ngati inshulansi yake ya maliro imalipira ulendo wofika ku Malawi kapena imathera m'dziko lomwelo.