Kunyanja sikufuna ndalama zambiri ayi

Anzanga a ku Lilongwe, Senga Bay si patali, mutha kupita m'mawa n'kubwerako madzulo osalipira malo ogona. Lawirirani minibasi ya ku Salima, mukatsika pezani kagalimoto kapena njinga yamoto yopita kunyanja, ndi makilomita pafupifupi 20 basi. Zakumwa guliranitu m'tauni muike mu cooler box, chifukwa kuma loji botolo lomwelo mtengo wake mutu kuwawa. Nsomba gulani kwa asodzi pagombe pomwepo ndipo nenererani ndithu, osachita manyazi. Koma pa 15 Okutobala, Mother's Day, musayerekeze, anthu amadzaza ngati pamsika ndipo mathiransipoti amakwera. Juni ndi Julayi mwera umavuta, mafunde ake osati masewera. Mukasambira pafupi ndi bango mudzakayezetse likodzo pakapita miyezi ingapo.