Mapesi amene mukuwotcha m'maplot muja ndi ndalama zanu

Sabata yathayi ndimachokera ku Eikenhof kulowera cha ku Walkerville, msewu wonse utsi wokhawokha, ndipo chimene chinandiwawa n'choti ina mwa minda imene imayakayo ndi ya anthu akwathu, ife amene tikuchita lendi maplot kuno ku Joni n'kumalima chimanga chachiwisi, mpiru, repu, nkhwani ndi therere zokagulitsa ku Yeoville ndi m'makomboni. Ogasiti wangoyamba kumene koma anthu asosa kale, aunjika mapesi, ayatsa. Munda wada bii ngati kunsi kwa mphika, mwini wake waima poteropo manja m'chiuno akuti wakonza.

Abale anga, ndi kangati kodi tinene nkhani imeneyi? Kumudzi alangizi anayankhula za kuphimbira ndi ulimi wa mtayakhasu mpaka kusasa mawu, ife tanyamula khalidwe lomwe lija la machesi tawoloka nalo Beitbridge, chikhalirecho kuno ndiye kumene kuwotcha kumapweteka kwambiri. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kuposa Dedza boma, kuyambira Meyi mpaka Seputembala mvula yeniyeni kulibe, usiku kumagwa chisanu, kenako Ogasiti amabwera ndi mphepo yake ija. Mukawotcha lero ndiye kuti nthaka ikhala pambalambanda miyezi iwiri kapena itatu. Phulusa mukulitcha feteleza lija simuliona n'komwe, mphepo imalikokolola limodzi ndi dothi lofewa la pamwamba kukalitula pampanda wa neba. Nayitrojeni ndi safa zimene zinali m'mapesi zinapita kale ndi utsi, ndiye Novembala akafika munthu yemweyo ali pamzere kugula thumba la LAN akudandaula kuti feteleza wadula.

Ndiye mvula ya kuno mukuidziwa, siija yowaza tsiku lonse ayi. Pachaka timalandira mamilimita cha m'ma 700 koma yambiri imagwa mwamkuntho madzulo, mabingu, nthawi zina ndi matalala omwe. Madontho amenewo akamenya nthaka yopanda chophimba pamwamba pamauma gwa ngati simenti, madzi salowa, amangothamanga kutsetsereka ndi mizere atatenga dothi lofiira. Mawa lake mukumbe ndi chala muona kuti kwanyowa kachikhatho kokha, pansi pali fumbi. Pakangodutsa masiku anayi a dzuwa chimanga chayamba kupota masamba, inu mwayamba kuthirira ndi madzi a pampope olipira kapena kuyatsa pampu ya pa borehole, magetsi akuwerenga. Bizinesi yake iti imene ingapirire zimenezo? Kasitomala wa ku Yeoville safunsa kuti munathirira kangati, mtengo wa mpukutu wa mpiru ndi womwewo.

Ndikafunsa chifukwa, mayankho ake ndi omwe aja a makedzana. Akuti njoka, akuti mbewa, akuti chiswe, akuti landilodi amafuna poyera. Za chiswe zokhazo zimanditopetsa, chifukwa chiswe chikapeza mapesi ouma chimatangwanika nawo n'kumabowola nthaka madzi n'kumalowa, chimalusira chimanga chanu makamaka pamene mwachisiya chopanda chakudya china. Ena akuti tikupha ntchemberezandonda. Mbozi imeneyi inafika kuno mu 2017, koma siigona m'mapesi kudikira dzinja, chisanu cha kuno imalephera, imachita kubweranso ndi agulugufe ake kuchokera kumadera otentha, ndiye mukuwotcha munda chifukwa cha mdani amene mulibemo. Amene amanena za kapuchi okhawo ndiwamvereko, n'zoona kapuchi amabisala m'tsinde la phesi nyengo yonse yozizira. Koma mankhwala ake si moto, ndi kugwetsa mapesiwo, kuwaduladula ndi chikwanje n'kuwagoneka pansi kuti dzuwa, chisanu ndi nyerere zimuthere momwemo. Mapesi oimirira ndi amene amamusunga.

Pali bambo wina wa ku Ntcheu amalima cha ku De Deur, munthu wolimbikira zedi, anayamba ndi mabedi asanu pano amatumiza ndiwo pa bakkie kawiri pasabata. Chaka chatha ndinawauza kuti achimwene, mapesiwa asiyeni, anangoti tamva alangizi. Mwezi wathawu anayatsa cha m'ma 10 m'mawa kunja kuli bata, mmene imati 12 mphepo yatembenuka, moto unalumpha kanjira n'kulowa mu udzu wouma wa mbali inayo. Ndinafika mawa lake. Mapaipi a drip, othirira madzi modontheza, anali atasungunuka n'kupotana ngati matumbo a nkhuku, shade net, neti yotchingira mbewu dzuwa, yatsala mapolo okha, mbande za kabichi zimene mayi a kunyumba anafesa m'matileyi zapserera zonse, fungo la pulasitiki lili khoo. Mayiwo anangokhala pachidebe osayankhula. Mwini plot wawauza kuti akonze mpanda wa neba ndi ndalama zawo apo ayi asamuke, ndipo ndalama imene amati atumize kumudzi ya fizi yathera pamenepo. Bambo aja anandifunsa kuti kodi angandimange? Ndinawauza chilungamo, kuno kuli lamulo la moto wa m'tchire la 1998, National Veld and Forest Fire Act, moto ukachoka kwa iwe n'kukawononga za wina mlandu umakupeza, ndipo kwa ife obwera mlandu uliwonse umalemera kawiri.

Chimene chimandipweteka pa bambo amenewa n'choti pakona pa munda wawo womwewo pali malo amene motowo sunafike, pamene ana amataya makoko a chimanga ndi masamba a kabichi. Ndinafukula ndi dzanja, pansi pali chinyontho mu Julayi momwemo, dothi lakuda lonunkhira, nyongolotsi zitatu zili pikitipikiti. Masitepe asanu okha kuchoka apo khasu limachita kudumpha.

Zochita ndiye mukuzidziwa kale, ndingokumbutsa mwachangu. Amene simunawotche gwetsani mapesi sabata ino, yalani m'munda, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu a nthaka likhale lophimbika, kuposa apo ndi bwinonso, ndipo muponderezeko ndi dothi pang'ono kapena timitengo kuti mphepo isatenge. Lambulani mamita angapo kuzungulira munda kuti moto wa ena usakulowereni. Amene mwawotcha kale pemphani udzu kwa anzathu ogwira ntchito m'magadeni ku masabebu, amautaya tsiku ndi tsiku, koma uyambe wauma komanso funsani ngati sanapopere mankhwala opha udzu. Manyowa a nkhuku aziyamba awola, osathira aawisi. Mvula ikayamba musagaule munda wonse, bowolani mapando pokhapo pobzala, ndipo pakati pa chimanga ikanimo khobwe kapena nyemba, chitambe chimayenda malonda kwa akwathu kuno. Nandolo musavutike naye kwambiri, chisanu chimamupha. Chaka choyamba chimanga chikhoza kuoneka chachikasu pang'ono mapesi akamawola, musathamangire machesi, onjezerani manyowa kapena ka LAN pang'ono paphando.