Batani loyatsira chitofu cha gasi likamakana: momwe mungalikonzere

Kachitofu kanga kopita nako kuulendo kanayamba kuvuta pang'onopang'ono. Poyamba kankayaka ndikadina batani kawiri, kenako kasanu, mpaka tsiku lina m'mamawa ndinadina chala kuchita kuwawa, gasi akungonunkha koma moto osaoneka. Anzanga ankati ndingogula china. Sindinagule, ndipo ndikuphikirabe chomwecho mpaka lero.

Mkati mwa batanilo mulibe batire. Muli kasipuling'i ndi kanyundo komwe kamamenya kamwala kotchedwa piezo, ndipo kamwalako kakamenyedwa kamatulutsa magetsi a mavoliti masauzande angapo m'kanthawi kochepa zedi. Asayansi a ku France, Pierre ndi Jacques Curie, ndiwo anatulukira zimenezi mu 1880. Magetsiwo amayenda mu waya kukafika pa kachitsulo kosongoka kali pambali pa mutu wa chitofu (pomwe moto umatulukira), n'kulumpha kampata kupita pamutupo. Kulumphako ndiko kumayatsa gasi. Kamwalako sikafa msanga ayi. Nthawi zambiri magetsi alipo, koma akusochera panjira.

Choyamba chotsani chitini cha gasi, chiikeni patali. Lowani ndi chitofucho m'chipinda chamdima, dinani batani kangapo maso ali pa kachitsulo kosongoka kaja. Ngati batani silikulira n'komwe, lofewa ngati palibe chikugwira mkati, kasipuling'i kapena kanyundo katha ndipo choyatsira chonsecho n'chosintha. Koma ngati likulira, onani komwe kamoto kabuluu kakuthethekera. Kakhoza kuoneka kofooka pansonga, kapena kuthetheka malo olakwika, m'munsi mwa waya kapena pathupi la chitofu. Mdima umakuuzani zonsezi m'mphindi imodzi, zomwe masana simungazione.

Kamoto kakakhala kofooka, yambani ndi kutsuka. Mwaye, mafuta ndi zophika zosefukira zimamatirira pansonga paja. Tengani mswachi wakale ndi sipiliti pang'ono, palani nsongayo ndi sandipepa yosalala mpaka chitsulo chiwale, ndiponso pamutu pomwe kamotoko kamatera. Amagulitsa mankhwala opopera otsukira zamagetsi, odulirapo ndithu, koma ine sindinawafunepo. Mukatero chisiyeni chiume. Chinyezi chokha, ngakhale mame ausiku, chimabera magetsi njira.

Tsopano kampata. Apa ndi pomwe ndinalakwitsa, ndiye ndichedwapo. Pakati pa nsonga ndi mutu payenera kukhala mamilimita atatu kapena anayi. Kampata kakakula magetsi amalephera kulumpha, kakachepa kwambiri kamoto kamakhala kakafupi kosatha kuyatsa gasi. Komanso nsongayo iloze pa timabowo totuluka gasi, osati pambali pake. Chitofu chikamapanikizika m'chikwama kachitsuloka kamapindika osadziwa, ndipo changa chinali chitatero.

Ndinagwira nsongayo ndi chala n'kuikankha. Ndinangomva kuti the! Kachitsuloka kamadutsa mkati mwa kachubu koyera kadothi lowotcha, kamene ntchito yake ndi kuletsa magetsi kuthawira pathupi la chitofu. Dothilo silipindika, limasweka. Mng'alu wake unali ngati tsitsi, wosaoneka bwino, koma kuyambira pamenepo kamoto konse kankathethekera pamng'alupo, pansonga osafikako. Ndinayesa kumata ndi guluu, moto utangoyaka ndi machesi guluuyo anapsa n'kununkha. Ndinakulungapo tepi yamagetsi, inasungunuka. Chitofu chimene chinkangofuna kuwongola pang'ono chinasanduka chofuna choyatsira chatsopano.

Njira yake ndi iyi: gwiritsani zopanira ziwiri za milomo yaitali. Chimodzi chigwire kachitsuloko pamwamba penipeni pa dothi, osaligunda, ndipo dzanja limenelo lisasunthe. Chinacho ndicho chipinde nsonga. Mphamvu yonse ithere pakati pa zopanira ziwirizo, isatsikire ku dothi. Pindani pang'ono, dinani batani, onani, pindaninso. Musapinde uku ndi uku kambirimbiri, chifukwa chitsulo chomwe chakhala chikupsa pamoto chimathyoka mosavuta. Ndipo podina batani chotsani chopanira ndi zala, magetsi ake sapha koma amaluma.

Za choyatsira chatsopano ndikuchenjezeni. Ndinaitanitsa chotchipa kwa wogulitsa wina pa intaneti yemwe analemba kuti chimakwana pa chitofu chilichonse. Chitabwera waya wake anali wamfupi, kabowo ka sikuruwu kosagwirizana, ndipo dothi lake linang'aluka nditangophikira kawiri. Nditamulembera sanayankhe. Chachiwiri ndinagula cha kampani yomwe inapanga chitofucho, chodulirapo, ndipo ndicho chilipo mpaka pano. Funsani nambala ya mtundu wa chitofu chanu, wogulitsa akamazemba funsolo musiyeni. Ena amachotsa piezo mu laita yaitali yoyatsira moto n'kuimangirira, zimatheka ndithu, kungoti pulasitiki yake ikhale kutali ndi kutentha.

Zotsalazo n'zachangu. Mangani kasikuruwu kogwira choyatsira, ngati kachita dzimbiri kapaleni, pakuti magetsi amabwerera kudzera m'thupi la chitofu. Waya akasupuka n'kumakhudza chitsulo, msuntheni kapena muvekeni kachubu kosapsa.

Tulukani panja, lumikizaninso chitini, pakani thovu la sopo polumikizira, ngati pakutuluka tithovu tatsopano ndiye kuti kamphira kozungulira kotseka gasi polumikizirapo katha, musayatse. Ngati zili bwino tsegulani gasi pang'ono pokha, mumve kaphokoso kochepa, kenako dinani. Ambiri amatsegula kwambiri, gasi n'kuchuluka kuposa mpweya pansonga paja, moto osagwira. Tchingani mphepo ndi thupi lanu. Kukazizira vuto limakhala la gasi: gasi wamtundu wa butane amasiya kusanduka mpweya kuzizira kukafika pafupifupi madigiri 0, pomwe wamtundu wa propane amapirira mpaka -42, choncho fungatirani chitini m'jekete kanthawi musanayatse. Pamapiri aatali kwambiri piezo amavutabe ngakhale ali bwinobwino, ndiye machesi okulungidwa m'pulasitiki asachoke m'chikwama. Kuyesera konseku chitirani panja, osati mu tenti.