Kupempherera munthu amene maso ake akuzima: poyambira ndi pofunika kusamala

Mumpingo uliwonse kuno ku Mangochi muli munthu amene anasiya kubwera kutchalitchi chifukwa cha maso. Mwina ndi agogo aja ankakhala pabenchi lakutsogolo, mwina ndi bambo amene ankasoka ukonde ku Makawa koma lero ulusi sakuuonanso. Akulu a mpingo, amayi a Mvano ndi a m'mphakati ndi amene amatumidwa kukawazonda. Ife timakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa. N'chifukwa chake tikufuna kuti ntchitoyi izigwiridwa mosamala, kuti diso limene mwapita kukalipempherera lisawonongeke m'manja mwanu.

Musananyamuke, khalani pansi muwerenge Yohane 9 yense, ndime zonse 41. Mudzaona kuti kuchira kwa munthu wobadwa wosaona uja kwangotenga ndime ziwiri, ya 6 ndi ya 7. Zambiri mwa zotsalazo ndi mkangano wa anthu a maso abwinobwino amene ankakana zimene zinali poyera. Ophunzira a Yesu ndi amene anayamba, pofunsa kuti anachimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake, ndipo Yesu anakana zonse ziwiri. Kwathu kuno funso lomweli limabwera mwa mtundu wina: "Anamuchita ndani?" Likangofunsidwa, chala chimaloza gogo wina wa m'mudzi momwemo, ndipo mmalo mosiya mtendere pakhomopo mumasiya udani. Khungu lauzimu nthawi zambiri limayenda ndi ozonda matenda, osati ndi wodwala. Gwirizanani muli panjira kuti palibe amene akatchule mfiti, temberero kapena tchimo la makolo.

Pitani atatu kapena anayi basi. Pa Marko 8, ku Betsaida, Yesu anagwira dzanja la munthu wosaona n'kutuluka naye kunja kwa mudzi, kutali ndi chikhamu. Gulu lalikulu limamusokoneza munthu amene akudalira makutu okha, komanso limamukakamiza kunena zokondweretsa alendo. Nthawi yabwino ndi m'mawa, kunja kutawala koma dzuwa lisanafike poswa mtengo. Mabanja ambiri kuno ndi osakanikirana, ena Akhristu ena Asilamu, choncho yambani mwapempha chilolezo kwa mwini khomo, ndipo wodwalayo avomere yekha.

Mukafika

Mukaodira, aliyense atchule dzina lake: "Agogo, ndine mayi uje wa ku Mvano, ndakhala kudzanja lanu lamanja." Khalani nawo pamphasa. Lankhulani ndi iwowo, osati kufunsa mdzukulu kuti "kodi adya?" eni ake ali pomwepo. Kenako funsani funso limene Yesu anafunsa Bartimeyo, wosaona wa ku Yeriko, loti akufuna awachitire chiyani. Musaganize kuti yankho mukulidziwa kale. Ena adzati akufuna kuona. Ena adzati papita chaka osalandira Mgonero, kapena kuti palibe wowatungira madzi.

Musanapemphere, lionetsetseni disolo panja powala. Funsani kuti vutoli linayamba liti, linabwera pang'onopang'ono kapena mwadzidzidzi, likupweteka kapena ayi, komanso ngati ali ndi matenda a shuga. Ndiye muwayese motere: atseke diso limodzi ndi chikhatho osalisindikiza, inu muime pamtunda wa mamita 3, mukweze zala, iwo awerenge. Sinthani zalazo katatu kuti asangolota. Teroni ndi diso linalo, ndipo zotsatira zake muzilembe m'kope pamodzi ndi tsiku. Munthu amene akulephera kuwerenga zala pa mamita 3 ngakhale ndi diso lake labwinoko, achipatala amamuwerengera m'gulu la osaona.

Ngati mwana wa diso, kadontho kakuda ka pakati kaja, wasanduka wotuwa ngati phulusa kapena woyera ngati mkaka, ndipo munthuyo wakhala akuona mwachimbuuzi kwa miyezi kapena zaka popanda ululu, kawirikawiri imakhala ng'ala. Iyi ndiyo imachititsa khungu anthu achikulire ambiri, ndipo imachizika ndi opaleshoni. Ngati diso likuoneka labwinobwino koma munthuyo akugunda zinthu za m'mbali ngati akuyang'anira m'paipi, ikhoza kukhala glaucoma, imene imawononga mtsempha wa diso. Chimene chawonongeka sichibwerera, koma mankhwala amateteza chotsalacho, ndiye kuchedwa kulikonse n'kutaya. Nsidze zopindikira m'kati n'kumakanda diso ndi chipsera cha matenda a maso otchedwa trachoma. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2022 kuti Malawi wathana ndi matendawa ngati vuto la dziko lonse, komabe achikulire ena anatsala ndi zikope zopindika, ndipo zimakonzedwa ndi kaopaleshoni kakang'ono.

Pali zinthu zitatu zosadikira Lamulungu likubweralo: diso lofiira lopweteka kwambiri, kusiya kuona mwadzidzidzi, ndi mwana wamng'ono amene pakati pa diso pake payera. Pempherani muli m'njira yopita kuchipatala tsiku lomwelo.

Pemphero lenilenilo

Yakobo 5:14 akuti wodwala aitane akulu a mpingo, amupempherere ndi kumudzoza mafuta m'dzina la Ambuye. Ngati mpingo wanu umadzoza, dontho limodzi pachala chachikulu n'lokwanira, ndipo malo ake ndi pamphumi. M'diso musalowe kanthu. Mafuta odzozera, madzi odalitsidwa, madzi a m'nyanja, madzi a masamba, mchere, mkodzo, mkaka wa m'mawere, zonsezi ayi. Kakhungu koonekera ka pamwamba pa diso n'kopyapyala pafupifupi theka la milimita. Kakapsa kapena kulowa tizilombo kamachita chilonda, chilondacho chikapola chimasiya chipsera choyera, ndipo munthu amene akanaona ndi opaleshoni ya ng'ala amakhala wosaona mpaka kale. Ena amati Yesu anapaka thope. Inde anapaka, koma sanalamule ophunzira ake kuti azitero, ndipo Bartimeyo anamuchiritsa ndi mawu okha.

Sanjikani manja paphewa kapena pamutu mopepuka, mutawauza kaye kuti mukuwagwira. Osagwedeza mutu wawo, osasindikiza zikope, osakuwira m'khutu. Apemphere munthu mmodzi pa nthawi, momveka, powatchula dzina. Pemphani machiritso mosabisa mawu, pempheraninso manja a madokotala, ndalama yoyendera, ndi mtima wa amene akuwasamalira tsiku ndi tsiku, chifukwa iyeyo amatopa mosaonekera. Nyimbo imodzi imene iwo amaikonda, muwasiye ayambitse okha.

Musalandire ndalama, nkhuku kapena usipa chifukwa cha pemphero. Pa Machitidwe 8, Petro anadzudzula Simoni wamatsenga mwamphamvu atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama. Musauzenso munthu kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, kaya ndi odontheza m'maso, a shuga, a BP kapena ma ARV. Yesaya yemwe, atabweretsa uthenga wa machiritso kwa mfumu Hezekiya, analamula kuti aike nkhuyu pachithupsa chake, ndipo Paulo ankayenda ndi Luka amene anali sing'anga.

Mukati ameni, bwerezani kuyesa kuja, pamalo omwewo, mtunda womwewo. Apa ndi pamene ambiri timapunthwa. Timafunsa mokweza kuti "Mukuona, eti?" ndipo agogo, posafuna kuchititsa manyazi abusa, amavomera. Lamulungu lake umboni umaperekedwa, anthu amaomba m'manja, ndipo palibenso amene amaganiza zowaperekeza kuchipatala poti akuti anachira. Taonani munthu wa ku Betsaida uja. Yesu atamufunsa ngati akuona kanthu, ananena zoona zake, kuti akuona anthu ngati mitengo ikuyenda, ndipo Yesu anamusanjikanso manja. Funsani mwa njira yoti munthu athe kuyankha kuti "sipanasinthe" mopanda mantha. Akaonadi bwino, thokozani Mulungu, komabe akapimidwe. Akhate khumi aja Yesu anawatuma kukadzionetsa kwa ansembe. Ngati sipanasinthe kanthu, pakamwa panu pasatuluke mawu oti chikhulupiriro chawo n'chochepa. Paulo anapempha katatu kuti minga imuchoke, sinachoke.

Ulendo wakuchipatala

Musachoke pakhomopo musanamange zinthu zinayi: tsiku, woperekeza, ndalama yoyendera ndi buku lawo lakuchipatala. Mukangoti "mupite kuchipatala" n'kutsanzika, sapita. Yambirani pachipatala chaching'ono chapafupi kapena chachikulu cha boma ku Mangochi. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angakuuzeni tsiku limene a maso amaona anthu. Pakafunika zambiri, odwala amatumizidwa ku Zomba Central kapena kuchipatala cha maso cha Lions ku Queen Elizabeth mu Blantyre. Ku Nkhoma nakonso n'kotchuka pa za maso. Chimene chimalepheretsa ambiri ndi thiransipoti ya anthu awiri ndi chakudya cha panjira, ndiye chopereka cha mphakati chigwire ntchito pamenepa.

Poyenda, iwo agwire chigongono chanu, inu mutsogole ndi theka la sitepe, muziwauza za dzenje, mchenga kapena masitepe musanafikepo. Osawakoka dzanja, osawakankha kumbuyo. Pakabaza, agwiritseni kaye mpando ndi chogwirira asanakwere.

Ambiri amaopa kuti diso amalitulutsa. Salitulutsa. Amabaya mankhwala a dzanzi, munthu ali maso, n'kuchotsa kagalasi ka m'kati kamene kachita mtambo, n'kuikamo kena kochita kupanga. Kawirikawiri sipadutsa theka la ola, ndipo bandeji amachotsa mawa lake. Ngati mumpingo muli wina amene anachitidwapo, mutengeni akalankhule nawo.

Akabwerako, ntchito ya mpingo ikadalipo kwa milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Pakhale munthu wodontheza mankhwala pa nthawi yake, atasamba m'manja ndi sopo, kukamwa kwa botolo kusakhudze diso. Asatikite diso, asakasambe m'nyanja, atalikire utsi wa kukhitchini ndi wa powamba nsomba, ndi fumbi la posesa. Diso likayamba kupweteka, kufiira kwambiri, kutuluka mafinya kapena kuonanso mwachimbuuzi, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo.

Alipo ena amene adokotala adzawauze kuti diso silingabwerere. Amenewa musasiye kuwayendera. Mangani chingwe kuchoka pakhomo la nyumba kukafika kuchimbudzi, katundu wa m'nyumba asamasunthidwe osawauza, mbaula izikhala pamalo amodzi odziwika. Pa chakudya, agwiritseni mbale n'kuwauza kumene kuli nsima ndi kumene kuli ndiwo. Achinyamata awaikire Baibulo lomvetsera mufoni kapena pawailesi ya memori khadi, ndipo alembane mayina a owatenga Lamulungu lililonse, sabata ndi sabata. Ngati ankayambitsa nyimbo kapena kutsogolera pemphero, udindowo abwezeredwe.