Chakudya chikawawa: chokonza ndi chotaya

Poyamba lilime lisiyanitse. Bwemba, malambe ndi thobwa logona zimawawasa, ndipo zimenezo sizidetsa nkhawa. Masamba a koko osapsa amayabwa pakhosi. Kuwawa kwenikweni ndi kuja kwa nimu kapena ndulu, ndipo nthawi zambiri kumachokera ku mankhwala amene chomera chimapanga podziteteza ku tizilombo. Ena mwa mankhwalawa savulaza munthu, ena amapha.

Luni ndi wosavuta. Thyolani nsonga zanthete asanachite maluwa, wiritsani mphindi zisanu, tsanulani madzi oyambawo, kenako thirani tomato ndi nsinjiro. Musatsanule kawiri, chifukwa mavitamini amapita ndi madziwo. Ena amangosakaniza ndi bonongwe, ndipo njira imeneyo ndiyo yabwino koposa.

Chinangwa ndicho chofuna chidwi. Kuno ku Kasungu tinazolowera Manyokola, chotsekemera chija timatafuna chachiwisi, koma mbewu zowawa monga Sauti ndi Gomani zimafika kuchokera kunyanja, ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay. M'chinangwa muli mankhwala otchedwa linamarin, amene amatulutsa poizoni wa cyanide chinangwa chikaphwanyika. Chaka cha chilala poizoniyu amachuluka, ndipo ndi chaka chomwecho pamene njala imachititsa anthu kufupikitsa kakonzedwe.

Sendani khungu lonse, pakuti m'khungumo poizoni ndi wochuluka. Dulani zidutswa, viikani m'madzi oyera omiza chinangwa chonse kwa masiku atatu kufikira asanu. M'nyengo yozizira ya June ndi July dikirani asanuwo. Chakonzeka ngati chikufwanyika mukachipsinja ndi zala ndipo kamtsitsi kapakati kakusololoka kokha. Chikadali cholimba pakati, chibwezereni. Tsukani, finyani, phwanyani tizidutswa ting'onoting'ono, yanikani pathandala mpaka chizithyoka ndi kaphokoso. Madzi oviikirawo musamwetse mbuzi kapena nkhumba.

Kuwiritsa kokha kapena kuwotcha sikukwanira pa chinangwa chowawa, ndipo makaka ongoyanika osaviika amasunga poizoni wambiri. Ngati ufa wa kondowole mwagula ndipo mukuukayikira, usakanizeni ndi madzi ukhale chinyezi, muuyale pa lichero mopyapyala, osapitirira sentimita imodzi, ukhale maola asanu pamthunzi kapena awiri padzuwa musanaphike. Poizoni amatuluka ngati mpweya.

Chigwada nachonso sinjani mumtondo mpaka chisalale, kenako wiritsani mphindi 30 osavundikira poto.

Munthu akamva chizungulire, mutu ndi kusanza patangopita maola ochepa atadya chinangwa, thamangirani naye kuchipatala, makamaka mwana. Kudya chosakonzeka bwino kwa milungu ingapo kumatha kubweretsa konzo, matenda oumitsa miyendo amene sachira.

Pali zina zosakonzeka n'komwe. Mphonda, dzungu kapena nkhaka yowawa tayani yonse, chifukwa poizoni wake, wotchedwa cucurbitacin, satha ndi moto ndipo amatsegula m'mimba koopsa. Mbatata ya kachewere yobiriwira kwambiri kapena yowawa ili ndi poizoni wotchedwa solanine, itayeni. Mtedza wowawa lavulani, ndipo wonyala, wofota ndi wachuku sankhani musanasinje. Koma apa lilime musalidalire: poizoni wa chuku, wotchedwa aflatoxin, samveka kukoma kulikonse, choncho chitetezo chili poumitsa mtedza bwino ndi kupewa kuuwaza madzi poswa.