Dzina la pa pasipoti silinena zonse: funsani mfunda, mudzi ndi manda

Mwana wobadwira ku Johannesburg, Leeds kapena Dublin tsiku lina adzafunsa kuti dzina lanuli linachokera kuti. Kuyankha kuti "n'la agogo" sikumukwanira, komanso nthawi zambiri si zoona zonse. M'mabanja ambiri a kuchigawo chapakati ndi kummwera, mwana polembetsa sukulu ankangopatsidwa dzina loyamba la bambo ake kuti likhale lachiwiri. N'chifukwa chake ana a munthu ndi ana a mng'ono wake amatha kukhala ndi mayina osiyana. Mayina ena anatoledwa kuntchito: kalaliki wa pa esiteti kapena wa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni, akalephera kutchula dzina ankalemba momwe walimvera, ndipo linakakamira mpaka kwa zidzukulu.

Yambani ndi mfunda, umene ena amati chiwongo, chifukwa susintha msanga. Banda, Phiri, Mbewe ndi Mwale ndi mifunda yodziwika pakati pa Achewa, ndipo gogo amene mudzi wonse unkamuitana kuti Anaphiri kapena Anambewe wakuuzani kale wake. Jere, Maseko, Ngwenya ndi Khumalo imaloza kwa Angoni ochokera kummwera kwa Africa. Gulu la mfumu yawo Zwangendaba linawoloka Zambezi mu 1835. Koma musathamangire kumanga mfundo. Angoni anatola anthu ambiri m'njira, kotero munthu wa ku Mzimba atha kukhala Mngoni pachikhalidwe pamene mfunda wake ndi wa mtundu wina. Kwa Alomwe nkhani imavutirapo. Ambiri analowa kuchokera ku Mozambique kuyambira m'ma 1890, kuthawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, n'kukhazikika m'minda ya ku Thyolo ndi Mulanje, ndipo chifukwa cha kunyozedwa ena anabisa mtundu wawo. Dzina lachinyanja kapena lachizungu litha kukhala litaphimba lachilomwe.

Tsono dziwani mbali yofunsa. Kwa Achewa, Ayao ndi Alomwe kwanu n'kuchikazi, ndipo wosunga mbiri ndi malume, mwini mbumba. Kwa Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba, kumene kuli malowolo, funsani kuchimuna. Anthu amasokera apa: amatsata dzina la bambo kumudzi kwa mayi, n'kudabwa kuti palibe akulidziwa.

Imbani foni kwa wamkulu amene watsala, osadikira tchuthi cha chaka chamawa. Tumizanitu ya bandulo kwa mdzukulu amene ali naye pafupi, mupemphe chilolezo chojambula mawu, ndipo musapitirire theka la ola; okalamba akatopa amayamba kungovomera chilichonse. Funso loti "tinachokera kuti" ndi lalikulu kwambiri. Funsani kuti, "Amayi anu anaikidwa manda a kuti? Nanga amayi awo?" Pamene manda asinthira mudzi m'pamene banja linasamuka. Funsaninso dzina la paubwana, la kuchinamwali ndi la paubatizo, poti munthu mmodzi amatha kuoneka ngati anthu atatu. Lembani mudzi, mfumu yaing'ono, T/A ndi boma. Mukatha funsani wina payekha. Pamene asiyana, lembani zonse ziwiri.

Pa mapepala akale mayina a malo ndi ena: Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Hill ndi Chitipa, Cholo ndi Thyolo. Mabuku a ubatizo ndi aukwati kumamishoni akale monga Livingstonia ya 1875, Blantyre ya 1876 ndi Mua ya 1902 ndi oyenera kuwafunsa, ndipo zolembedwa za boma la atsamunda zili ku National Archives ku Zomba. Ngati agogo anali mtchona ku Joni kapena ku Salisbury, yomwe lero ndi Harare, funsani ngati anasiya banja kumeneko. A Phiri ndi a Banda ambiri a ku Zimbabwe anayamba choncho.

Chotsala ndi kalembedwe, ndipo apa m'pamene ndalama zimatayika. Phiri amasanduka Piri, Nkhoma kukhala Nkoma, l ndi r zimasinthana ngati Chirwa ndi Chilwa. Kwathu zimenezi sitizilabadira, koma ofesi yakunja imaona anthu awiri. Chiyambire pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri mu 2018, mwana wanu atha kudzafuna mapepala a Malawi, ndipo adzafunika kusonyeza kuti ndinu kholo lake. Ikani pasipoti, chiphaso chaunzika cha NRB ndi satifiketi yaukwati patebulo limodzi, muwerenge chilembo ndi chilembo. Ngati zikusiyana, konzani kalata yolumbira kwa loya yonena kuti mayinawo ndi a munthu mmodzi. Polembetsa kubadwa kwa mwana, musamutchulire kalaliki dzina pakamwa. Mupatseni pasipoti akopere.